Mwagwirizana mtengo wa ntchito yonse: ndinu wantchito kapena kontrakitala, ndipo msonkho uyenda bwanji?

Ndimathandiza amisiri ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono kulemba mabuku a ndalama kuno ku Salima, ndipo pali funso lomwe sabata siitha lisanabwere. Munthu amafika, kutulutsa foni, kundionetsa meseji ya ku banki, n'kunena kuti: "Tidagwirizana K1,000,000, koma yalowa K800,000. Akuti inayo yapita ku msonkho. Ine si wantchito wawo, andidula bwanji?" Wina amabwera ndi dandaulo la mbali inayo. Wagwira pamalo amodzi zaka zitatu, m'mawa uliwonse ali pageti, lero amuchotsa chimanjamanja n'kumuuza kuti adali pa kontrakiti. Omanga nyumba, owotcherera pa Kamuzu Road, okonza mainjini a maboti ku Senga Bay ndi ku Chipoka, opaka penti m'malo ogona alendo, achinyamata otengedwa ndi mabungwe kukachita kafukufuku m'midzi ya kwa Khombedza, onsewa nkhani yawo ndi imodzi. Ndailemba pano kuti aliyense aiwerenge modekha asanasaine pepala lina lililonse.

Mawu atatu muwadziwiretu. PAYE ndi msonkho wa munthu wolembedwa ntchito: abwana amaudula pa malipiro a mwezi n'kukaupereka ku Malawi Revenue Authority, yomwe tonse timangoti MRA. Withholding tax ndi ndalama yomwe wokupatsani ntchito amagwira pa malipiro a munthu yemwe si wantchito wake, n'kukaipereka ku MRA m'dzina la munthuyo. Si chindapusa, ndipo siinatayike. Ndi msonkho wanu womwe mwalipiriratu. TPIN, yomwe mapepala ena amangoilemba kuti TIN, ndi nambala yomwe MRA imakudziwirani.

1. Musadalire dzina lomwe lalembedwa pamwamba pa pepala

Ambiri amaganiza kuti akagwirizana mtengo umodzi wa ntchito yonse, basi, asanduka kontrakitala. Ayi. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limatchula mitundu itatu ya mgwirizano wa munthu wolembedwa ntchito: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi yodziwika yomwe ikatha mgwirizano watha. Mtundu wachitatuwo muuonetsetse. Ukutanthauza kuti munthu angathe kulipidwa pa ntchito imodzi, mtengo wogwirizaniratu, n'kukhalabe wantchito weniweni pamaso pa lamulo. Mawu akuti kontrakiti pakamwa pathu amaphimba zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pomwepo.

2. Yang'anani m'mene ntchitoyo ikugwiridwira tsiku ndi tsiku

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ambiri amalumpha chifukwa palibe fomu yomwe ingakuyankhireni. Ndiyerekeza ndi amuna awiri ogwira pa malo amodzi ogona alendo m'mbali mwa nyanja.

Woyamba wagwirizana ndi mwini malo kuti amanga mpanda wa njerwa kuzungulira khitchini, mtengo wake wakuti. Wabwera ndi wilibala yake, mafosholo ake, anyamata ake atatu omwe amawalipira yekha. Mwini malo akufuna mpanda wowongoka pofika tsiku lomwe adapangana. Zoti ayamba 6 koloko kapena 9 koloko si nkhani yake. Simenti ikakwera mtengo ntchito ili pakati, phindu la mmisiriyo ndilo limachepa. Mpanda ukang'aluka, agwetsa n'kumanganso ndi ndalama zake. Lachinayi sadabwere chifukwa adali kukaona ntchito ina ku Lifuwu, ndipo palibe adamufunsa. Uyu ndi kontrakitala. Ali pa bizinesi yake, mwini malo ndi kasitomala chabe.

Wachiwiri amakonza zowonongeka pamalo omwewo. Nayenso alibe malipiro a mwezi. Amati mpopi uwu K15,000, chitseko icho K20,000. Koma amayenera kufika 7 koloko n'kusaina m'buku la pageti. Zida amatenga m'sitolo ya pamalopo. Manijala ndiye amamuuza choyambira ndi chotsatira. Akadwala sangatumize mng'ono wake kuti akagwire m'malo mwake, ndipo akafuna kupita ku maliro amapempha chilolezo. Kwa zaka ziwiri alibe kasitomala wina aliyense. Uyu, ngakhale amalipidwa pa ntchito pa ntchito, ndipo ngakhale pepala lake lili ndi mawu akuti kontrakitala, amafanana ndi wantchito m'zonse.

Tsono dzifunseni nokha, moona mtima. Ndani amalamula nthawi, malo ndi kagwiridwe ka ntchito? Funso limeneli ndilo lolemera kuposa onse. Kasitomala amakuuzani chomwe akufuna. Bwana amakuuzaninso m'mene muchitire. Kenako, mungaluze ndalama zanu pa ntchitoyi? Wantchito saluza, malipiro ake amabwera ngakhale kampani yalephera kugulitsa. Kontrakitala akawerengera molakwika amadya mpamba wake. Mungathe kutumiza munthu wina kapena kulemba okuthandizani popanda kupempha? Zida zikuluzikulu n'zandani? Muli ndi makasitomala ena, kapena mwina ufulu wowafuna? Ndipo ntchito yomwe mukugwirayo ili ndi mapeto, kapena ndi ija yomwe malowo sangayende popanda munthu woigwira chaka chonse?

Palibe funso limodzi lomwe limagamula lokha. Mwini nyumba akagula yekha simenti ndi malata sizikusandutsani wantchito wake; eni nyumba ambiri amatero poopa kuberedwa. Kukhala ndi chipande chanu ndi levulo yanu sikukusandutsaninso kontrakitala. Mumaika mayankho onse pamodzi n'kuona komwe sikelo yapendekera.

Lamulo lija la 2000 lili ndi mfundo ziwiri zomwe ndimafuna mmisiri aliyense azidziwe. Yoyamba: limawerengera ngati wantchito munthu amene moyo wake wa zachuma wadalira pa womupatsa ntchitoyo, ndipo udindo wake kwa iye ukufanana kwambiri ndi wa wantchito kusiyana ndi wa kontrakitala woima payekha. Pofotokoza zimenezi lidatchulanso matenanti, anthu omwe eni maesiteti ankati si antchito awo chifukwa amalipidwa pa zokolola. Mchitidwe wa utenantiwo udaletsedwa mu 2021. Yachiwiri: ngati mgwirizano wa nthawi yoikika kapena wa ntchito imodzi ukugwiritsidwa ntchito pofuna kudzaza mpando wokhazikika wa pamalopo, lamulo limautenga ngati mgwirizano wopanda tsiku lothera. Ndiye kuti kukusainitsani pepala latsopano miyezi itatu iliyonse kwa zaka zinayi sikufafaniza zaka zinayizo.

Zimandipweteka kwambiri ndikaona achinyamata a m'mabungwe. Amawatcha makonsalitanti, kuwadula withholding tax, koma ali ndi desiki mu ofesi, amakwera galimoto ya bungwe, amalemba lipoti kwa bwana Lachisanu lililonse. Dzinalo limamveka lapamwamba ndipo amalinyadira, osadziwa zomwe lawachotsera.

3. Sikelo ikapendekera ku uwantchito, dziwani zomwe zili zanu

Msonkho wanu uyenera kukhala PAYE, ndipo pa malipiro ochepa kusiyana kwake n'kwakukulu. PAYE ili ndi gawo loyamba la malipiro lomwe silidulidwa msonkho. Bajeti ya 2024 idalikweza kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, ndipo limasunthidwa nthawi ndi nthawi. Munthu amene malipiro ake sadutsa gawo limeneli sayenera kudulidwa kalikonse, pomwe akamutcha kontrakitala angathe kumugwirira gawo la ndalama yonseyo. Pamwamba pa apo pali penshoni, yomwe olemba ntchito amaikapo 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo inu 5, tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata kapena 15 kwa ogwira masiku 5, ndi chipukutamisozi mukavulala pa ntchito. Zonsezi ndi ndalama kwa wolemba ntchito, n'chifukwa chake ena amakonda mawu akuti kontrakitala.

Musayambe ndi mkangano. Sungani umboni kaye: mameseji okuuzani nthawi yofika, chithunzi cha buku la pageti, mapepala onse omwe mudasainapo, mameseji a malipiro. Lankhulani ndi abwana mwaulemu. Zikakanika pitani ku ofesi ya zantchito ya boma lino, ndipo ikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito. Olemba ntchito amene mukuwerenga nanu dziwani kuti MRA ikapeza kuti munthu adayenera kukhala pa PAYE, ngongole ya msonkhowo ndi chilango chake zimagwera inu.

Ngati sikelo yapendekera ku ukontrakitala, masitepe otsalawa ndi anu.

4. Tengani TPIN musanapemphe ntchito

Pitani ku ofesi ya MRA yomwe muli nayo pafupi ndi chiphaso chanu cha unzika, komanso satifiketi ya bizinesi ngati mudalembetsa dzina. Zambiri masiku ano zimadutsa pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti. Funsani kuti akulembetsani pa misonkho iti, chifukwa mu 2021 padabwera presumptive tax, msonkho woikika wa mabizinesi ang'onoang'ono, m'malo mwa turnover tax, womwe unkawerengedwa pa ndalama zonse zolowa mu bizinesi, ndipo muyenera kudziwa ngati mtundu wa ntchito yanu ukulowa m'menemo. A zomangamanga kumbukiraninso kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga lomwe tidazolowera kulitcha NCIC.

Cholakwa chomwe ndachiona kambirimbiri ndi kubwereka TPIN ya mnzanu kapena ya mlamu wanu. Ndalama yodulidwayo imakalembedwa pa dzina la mwini nambala. Inu simungaiwerengere konse, ndipo mwini nambalayo mwamuikira ndalama yomwe sadailandire koma adzafunsidwa.

5. Werengerani msonkho musanatchule mtengo

Withholding tax imadulidwa pa ndalama ya pa invoisi, osati pa phindu lanu. Mfundo yaing'ono imeneyi yagwetsa amisiri ambiri. Tiyerekeze kuti mwagwirizana ndi bungwe kukonza injini ya boti pa K1,000,000. Zipangizo mwagula za K600,000, ulendo wa ku Lilongwe kukazifuna ndi zina zapanjira K100,000, wokuthandizani K100,000. Chanu ndi K200,000. Akadula 20 pa 100 iliyonse, womwe wakhala mlingo wa malipiro a ntchito za mtundu umenewu, agwira K200,000. Mwagwira sabata zitatu, m'thumba mulibe kanthu. Ndalamayo ilipo ku MRA m'dzina lanu, koma ana kunyumba sadya satifiketi.

Milingoyi siifanana. Wopereka katundu wakhala akudulidwa 3 pa 100 iliyonse. Makontrakitala a zomanga ali ndi mlingo wawo, onyamula katundu wawo, ndipo ganyu wamba ali ndi mzere wake womwe sudula malipiro osafika pa ndalama yoikika. Milingo imasintha ndi bajeti, ndipo chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 April, choncho pemphani ndandanda wa chaka chino ku MRA n'kuusunga mufoni. Musanatchule mtengo, funsani wowerengera ndalama wa kasitomalayo kuti ntchito yanu aiika pa mzere uti. Ndaonapo womanga akudulidwa pa mlingo wa ntchito zina chifukwa kalaliki sadayang'ane bwino, iye osadziwa kuti angatsutse.

Njira zodzitetezera zilipo. Mungapangane kuti kasitomala agule yekha zipangizo, inu mulembe invoisi ya ntchito ya manja yokha. Kapena pa kotesheni ndi pa invoisi mulekanitse bwinobwino mtengo wa katundu ndi wa ntchito, ndipo mufunsiretu ngati avomera kuzitenga padera. Manambalawo akhale oona, osati kubisa malipiro anu m'kati mwa simenti. Ndipo ngati mukufuna kuti m'manja mwanu mufike ndalama yakuti, masamu ake asakupusitseni. Pa mlingo wa 20, kuti mulandire K1,000,000 mtengo uyenera kukhala K1,250,000. Ambiri amangowonjezera K200,000 n'kutchula K1,200,000, kenako amadabwa kulandira K960,000.

Musamuchonderere wowerengera ndalama kuti asakuduleni. Akapanda kudula, lamulo limafuna ndalamayo kwa kampani yake. Njira yovomerezeka ndi satifiketi yochokera ku MRA yokuchotsani pa withholding tax, yomwe imaperekedwa kwa amene mbiri yawo ya msonkho ili yoyera, ndipo imaonetsedwa malipiro asanakonzedwe.

Nanga mukamangira munthu wamba nyumba yake ku Kaphatenga kapena ku Thavite? Nthawi zambiri sakudulani kanthu. Odula ndi makampani, mabungwe, khonsolo, sukulu, mipingo ndi maofesi a boma. Koma kusadulidwa sikutanthauza kuti ndalamayo ilibe msonkho. Imalowabe m'mabuku anu a chaka.

6. Lembani mgwirizano, ngakhale wa tsamba limodzi

Mulembe ntchito yeniyeni, mtengo, magawo a malipiro, wogula zipangizo, tsiku lomaliza, ndi mtengo wa ntchito yowonjezera yomwe imabadwa pakati. Muikemonso chiganizo chonena ngati mtengowo ndi wa msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa kale, ndi china chonena kuti kasitomala adzakupatsani satifiketi ya withholding tax pa malipiro aliwonse. TPIN yanu ikhale pa mgwirizano ndi pa invoisi iliyonse.

7. Musachoke popanda satifiketi

Wodula msonkho ayenera kuupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ayenera kukupatsani satifiketi yoonetsa dzina lanu, TPIN yanu, ndalama yonse ndi yomwe yagwiridwa. Pepala limeneli ndi ndalama. Popanda ilo mulibe umboni woti mudalipira kale.

Chaka china ndidathandiza mayi wina wosoka mayunifolomu yemwe adadulidwa kasanu ndi kasitomala mmodzi. Nthawi zonse ankauzidwa kuti satifiketi ikubwera. Titafufuza, tidapeza kuti palibe ndalama yomwe idalembedwa pa nambala yake. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti mwezi wotsatira ukadutsa pa 14, bwererani mukafunse, ndipo mukalandira onani ngati dzina ndi nambala zalembedwa molondola. Nambala imodzi ikasokonekera, ndalama yanu yapita kwa munthu wina. Jambulani satifiketiyo ndi foni tsiku lomwelo, yeniyeniyo muike m'pulasitiki. Chinyezi cha kunyanja kuno ndi chiswe siziona kuti ili ndi pepala la boma.

8. Sungani mabuku ndipo perekani ritani ya chaka

Kontrakitala amakhomedwa msonkho pa phindu, kutanthauza zomwe mwalandira kuchotsapo zomwe mwawononga pa ntchitoyo. Koma MRA imavomera zowononga zomwe zili ndi umboni. Lisiti la simenti, la mafuta, la matabwa, zonse musunge. Mchenga wa kudambo ndi njerwa za pauvuni zilibe lisiti, choncho khalani ndi kabuku komwe wogulitsayo alembe dzina, ndalama, tsiku, n'kusaina kapena kudinda chala. Ndalama ya bizinesi musaisakanize ndi ya pakhomo. Ngati n'kotheka ikhale ndi akaunti kapena nambala ya foni yakeyake.

Chaka chanu cha mabuku chikatha muli ndi masiku 180 operekera ritani, fomu youza MRA zomwe mwalandira ndi zomwe mwawononga m'chakacho. Apa m'pomwe masatifiketi aja amagwira ntchito: msonkho wa chaka chonse ukawerengedwa, amachotsapo zonse zomwe zidagwiridwa kale. Zikachepa mumawonjezera. Zikapitirira, yotsalayo ndi yanu, ndipo mungapemphe kuti ibwezedwe kapena iwerengeredwe pa msonkho wina. Kubweza kumatenga nthawi ndipo angafune kuona mabuku anu, komabe amisiri ambiri ang'onoang'ono amene amadulidwa pa invoisi yonse amakhala atalipira kuposa zomwe adayenera, n'kuzisiya komweko chifukwa choopa ofesi. Amene bizinesi yakula pali provisional tax, msonkho wolipiriratu chaka chisanathe, woperekedwa miyezi itatu iliyonse pasanadutse masiku 25 gawolo litatha. Ndipo tsiku lomwe mudzafune ntchito ya khonsolo kapena ya boma adzakufunsani tax clearance certificate, satifiketi ya MRA yoonetsa kuti mulibe ngongole ya msonkho, yomwe siituluka ngati maritani anu ali ndi mipata.

9. Anyamata omwe mwawatenga ndi antchito anu

Ili ndi gawo lomwe amisiri safuna kulimva. Mafunso onse a pa sitepe yachiwiri atembenuzeni tsopano, muwafunse pa anthu omwe mumapita nawo ku ntchito. Inu ndi amene mumawauza nthawi yofika, zida ndi zanu, sangaluze kanthu, ndipo ena akhala nanu zaka. Kwa iwo bwana ndinu, osati mwini nyumba kapena bungwe lomwe lakupatsani ntchito. Munthu wa ganyu ya masiku awiri wokumba maziko ndi nkhani ina, koma amene mumayenda naye ntchito iliyonse kuyambira January mpaka December ndi wantchito. Malipiro ake asatsike pansi pa mlingo womwe boma lidaika, ndipo akadutsa gawo losadulidwa msonkho lija muyenera kulembetsa PAYE n'kumaipereka pofika pa 14 mwezi wotsatira. Akagwa pa denga n'kuthyoka mwendo, lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito, Workers' Compensation Act ya 2000, limayang'ana womulemba ntchito.

Ndalama zimenezi ziyenera kulowa mu mtengo womwe mukutchula kwa kasitomala, apo ayi zidzatuluka m'thumba lanu tsiku la ngozi. Gulani kabuku ka malipiro, mulembe dzina la aliyense, masiku omwe wagwira ndi ndalama yomwe walandira, asaine Loweruka lililonse polandira. Kabuku komweko ndi komwe mudzaonetse ku MRA pofuna kuti malipiro a anyamatawo achotsedwe pa phindu lanu.